Kodi pachilumba chodzaza alendo pangapezeke gombe la phee?

Mayi wa Awiri:
Moni nonse a m'gulu lino. Ine ndi amuna anga tikukonzekera kupita ku chilumba cha Unguja, ku Zanzibar, m'mwezi wa Ogasiti, ndipo tikakhalako sabata imodzi pokumbukira kuti takwanitsa zaka 20 tili m'banja. Zithunzi zimene mahotela amaika pa intaneti zimaonetsa mchenga woyera wopanda munthu ngakhale mmodzi, koma mnzanga amene anapitako chaka chatha wandionetsa kanema amene anajambula ku Nungwi, ndipo wandifooketsa. Mipando yogonapo yandandalika mpaka m'mphepete mwa madzi, nyimbo zikumveka kuchokera mbali zitatu nthawi imodzi, ndipo anyamata otsatsa maulendo a paboti akungosinthana pa munthu mmodzi moti sangamalize tsamba la buku. Ife chimene tikufuna n'kukhala pansi, kumva mafunde ndi kucheza awiri popanda kukweza mawu. Ngati alipo amene akudziwa gombe la phee pachilumbachi, chonde anditchulire dzina lake ndi mmene munthu angafikireko.

Wojambula:
Mayi, poyamba zabwino zonse pa zaka 20 zimenezo. Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, ndiye ndikuululireni kuti zithunzi za mahotelazo si zabodza, koma zimajambulidwa nthawi imene alendo ali m'tulo. Unguja ali pafupi ndi mzere wa ikweta, choncho dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mpaka cha m'ma 8 koloko, pamene anthu amatsikira ku chakudya cha m'mawa, ngakhale Nungwi yemweyo amakhala zii. Ndinayendapo m'mamawa pagombe limenelo, ndipo amene ndinakumana nawo anali asodzi obwera kumadzi ndi amisiri osema ngalawa zamatabwa, amene Nungwi amadziwika nawo kuyambira kale. Pofika 10 koloko malo omwewo simungawazindikire.

Bambo Wamasitima:
Zimene anena a Wojambula n'zoona, koma mayi akufuna malo oti akhale tsiku lonse, osati maola awiri a m'mawa okha. Ine ndinagwira ntchito m'sitima zonyamula katundu kwa zaka zambiri, ndiye mundilole ndifotokoze chinthu chimene chimachititsa kuti anthu aunjikane mbali imodzi ya chilumbachi. Nungwi ndi Kendwa, kumpoto, ndi malo amene nyanja imayamba kuya pafupi ndi mtunda, choncho munthu akhoza kusambira nthawi iliyonse. N'chifukwa chake mahotela ndi alendo anathamangira kumeneko. Kum'mawa kwa chilumba zinthu n'zosiyana: kutsogolo kwa gombe kuli dambo lalikulu losaya la mchenga ndi miyala ya korali (miyala yomangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), ndipo madzi akaphwera amathawa kutali, m'malo ena kupitirira kilomita yathunthu, n'kusiya pansi pali poyera. Alendo ambiri zimenezi sazikonda, chifukwa amafuna kuti akatuluka m'chipinda agwere m'madzi pomwepo, ndipo kudana kwawo ndi zimenezi ndiye mwayi wanu.

Komabe walira mvula walira matope. Madzi a m'nyanja yamchere amadzaza kawiri n'kuphwera kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, motero simungadalire zimene munaona dzulo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwera ku Zanzibar kumafika pafupifupi mamita anayi. Chinanso, madzi akamabwerera safulumira mofanana: ola loyamba amangokwawa, koma ola lachitatu ndi lachinayi amabwera ndi liwiro lalikulu, ndipo theka la madzi onse limalowa m'maola awiri amenewo.

Ine ndemwe, ngakhale ndine munthu wa pamadzi, ndinatsala pang'ono kuchita manyazi. Ndinayenda m'mphepete mwa matanthwe a kum'mwera chakum'mawa madzi ataphwera, n'kupeza kamchenga kokongola kobisika pakati pa miyala iwiri, ndipo ndinayala nsalu n'kugona. Podzidzimuka, njira imene ndinadzera inali itamira mpaka m'mawondo, ndipo kumbuyo kwanga kunali thanthwe lakuthwa ngati mano a sowo, lokumbika kunsi ndi mafunde, losatheka kukwera. Ndinawoloka madzi ali m'chiuno, foni nditainyamula pamutu, patapata mmodzi atapita. Mukapeza gombe lobisika pakati pa matanthwe, chinthu choyamba kuyang'ana ndi mzere wa ndere zouma pamchenga, umene umasonyeza pamene madzi amafika akadzaza. Ngati mzerewo palibe, kapena ngati wagunda thanthwe, dziwani kuti mchenga wonsewo umamira.

Mayi wa Awiri:
Zikomo kwambiri bambo, zimenezi sindikanaziganizira n'komwe, ndipo amuna anga sadziwa kusambira. Komabe mwandisiya m'malere, chifukwa kum'mawa kwa chilumba ndi dera lalitali ndithu, poti ndawerenga kuti Unguja ndi wotalika makilomita pafupifupi 85. Ndi midzi iti imene ndingayang'anemo malo ogona?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, ine ndinakhalako milungu iwiri ndi mwana wanga wamkazi, ndiye ndingotchula zimene ndinaona ndi maso. Paje mupewe, makamaka mwezi umene mukupitawo, chifukwa mphepo ya kusi, yochokera kum'mwera chakum'mawa, imakoka anyamata ochita masewera ouluka ndi makaiti pamadzi, ndipo masana thambo limadzaza nsalu zamitundumitundu pamene usiku kumakhala magule. Koma mukangoyenda pamchenga kuchokera ku Paje kulowera kumpoto, mumafika ku Bwejuu, ndipo phokoso limatha pang'onopang'ono mpaka mumayamba kumva masamba a mitengo ya kokonati akukhulana. Chakumpoto kwake kuli Michamvi, ndipo mbali imene yayang'ana ku Chwaka Bay ndi amodzi mwa malo ochepa a kum'mawa kumene munthu amaona dzuwa likulowa m'madzi, ngakhale kuti madzulo anthu amasonkhana pa chifukwa chomwecho. Pongwe ndi Matemwe nakonso n'kodekha, ndipo kum'mwera kwenikweni, kupitirira Makunduchi, kuli Mtende, kagombe kopanikizika pakati pa matanthwe, kumene malangizo a Bambo Wamasitima muyenera kuwasunga bwino.

Agogo Oyendayenda:
Aphunzitsi, mundikhululukire, koma ine ndimadandaula ndikaona anthu akutchula mayina a malo otere pagulu la anthu ambiri. Mawu olembedwa pano sathera pano. Wina awakopera, wina aikapo chithunzi pa Instagram n'kusonyeza malo enieni pamapu, ndipo pakatha zaka zitatu mukapezapo malo omwera mowa ndi zimasipika. Ndinaona zimenezi ku Thailand, pa gombe la Maya Bay, pachilumba cha Phi Phi Leh. Mchenga wake sukwana mamita 300 kutalika, ndipo wazunguliridwa ndi matanthwe ataliatali moti kale asodzi okha ndi amene ankaudziwa bwino. Filimu ina imene inatuluka mu 2000 inajambulidwa pamenepo, ndipo chodabwitsa n'chakuti nkhani yake inali ya gombe lachinsinsi. Pamene ndinapitako ine, maboti anali atafola ngati minibasi pa depoti, utsi wa injini uli tolotolo, ndipo anthu zikwi zingapo ankatsikapo tsiku lililonse. Korali anafa chifukwa cha anangula ndi mapazi, mpaka boma linatseka malowo mu Juni 2018, ndipo anatsegulidwanso mu Januwale 2022 ndi malamulo okhwima: maboti saloledwa kulowa m'gombemo, alendo amatsikira kuseri kwa chilumba n'kuyenda pansi, ndipo kusambira n'koletsedwa. Ku Philippines nakonso, chilumba cha Boracay chinatsekedwa miyezi isanu ndi umodzi kuyambira pa 26 Epulo 2018, Pulezidenti wa nthawiyo, Rodrigo Duterte, atakwiya ndi zonyansa za m'zimbudzi zimene zinkatayikira m'nyanja. Ndiye ine amene ndikudziwa kamalo kanga ku Unguja sinditchula pano. Mayi, mukafuna mundilembere kumbali.

Mphunzitsi Wopuma:
Agogo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo za Maya Bay sinditsutsa. Komabe midzi imene ndatchulayi ili pamapu alionse ndi m'mabuku onse a alendo, ndiye palibe chinsinsi chimene ndaulula. Maganizo anga ndi akuti chimene chimadzaza gombe si dzina, koma kufikika kwake. Maya Bay anawonongeka chifukwa boti lothamanga linkatha kutula anthu makumi atatu pamchenga penipeni popanda aliyense kutuluka thukuta. Pamene galimoto kapena boti sizifika, anthu amachepa okha, ngakhale dzinalo lilembedwe pa zikwangwani.

Wojambula:
Pamenepa ndili kumbali ya aphunzitsi. Ku Phuket, chilumba cha ku Thailand chimene chimalandira alendo mamiliyoni pachaka, aliyense amadziwa gombe la Mai Khao, chifukwa ndi lalitali kuposa onse, makilomita pafupifupi 11, ndipo ndege zotera pabwalo la ndege zimadutsa pamwamba pake. Koma popeza mbali ina ili m'dera lotetezedwa la Sirinat National Park, ndipo mulibe mashopu ndi magule monga ku Patong, munthu ukayenda mphindi 20 kuchokera pamene anthu amaimirira kujambula ndege, umatsala wekha ndi nkhanu. Ku chilumba cha Bali, ku Indonesia, n'chimodzimodzi: ku Kuta simungaponye phazi, koma kum'mwera, kumene magombe ali pansi pa maphompho, kuli malo ngati Green Bowl amene umatsikira masitepe mazana angapo, ndipo ambiri akangosuzumira n'kuganiza zokweranso dzuwa lili paliwombo amabwerera. Ine ndisanapite kulikonse ndimatsegula zithunzi za satelayiti pa Google Maps n'kutsata mphepete mwa nyanja ndi chala. Ndimayang'ana mchenga umene kumbuyo kwake kulibe madenga ambiri, kulibe maiwe osambiramo obiriwira, ndipo msewu wa tala ukudutsa patali. Ndimayang'ananso timadontho tofola pamchenga, chifukwa timeneto ndi maambulera.

Agogo Oyendayenda:
Zonsezo n'zabwino kwa inu amene mawondo akadali olimba. Koma dziwani kuti pamene pali masitepe lero, mawa wina adzalambula msewu, chifukwa ndalama imanunkhiza kumene alendo ayamba kulowera. Ndaona zimenezi m'malo oposa amodzi. Komabe sindikufuna kusokoneza funso la mayi, ndiye ndilekere pomwepa.

Namwino:
Ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinatchulidwe. Tikamati gombe lopanda anthu, nthawi zambiri timatanthauza lopanda alendo anzathu, koma eni dera amakhalapo, ndipo kwa iwo amenewo ndi malo a ntchito. Kum'mawa kwa Unguja, makamaka ku Paje ndi ku Jambiani, amayi akhala akulima ndere za m'nyanja kuyambira cha m'ma 1989, ndipo ndere zimenezi, zimene pa Chiswahili amati mwani, zimaumitsidwa n'kugulitsidwa kunja kukapangira zinthu zolimbitsa zakudya ndi zodzoladzola. Madzi akaphwera mumawaona atakhala m'madzi ofika m'akakolo, atavala nsalu zawo, akumangirira timphukira pa zingwe zokokedwa pakati pa zikhomo. Tsiku langa loyamba ndinalowa m'dambomo maso ali kutali, ndipo ndinakola phazi pachingwe n'kuzula zikhomo ziwiri. Mayi wina wachikulire sanandikalipire, anangodzuka, n'kubwera kudzakhomanso zikhomozo ndi mwala, kenako n'kundilozera ndi dzanja kanjira ka pakati pa minda kamene aliyense amadutsamo. Manyazi amene ndinachita sindidzawaiwala.

Choncho mayi, mukafika pamalo a phee, perekani moni, funsani podutsa, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu, ndiye zovala zosambirira zithere pamchenga, ndipo polowa m'mudzi mufunde nsalu yobisa mapewa ndi mawondo. Monga namwino ndinenenso kuti mugule nsapato zoyendera m'madzi, chifukwa m'dambomo muli tizilombo takuda tozungulira ta minga yaitali, ndipo mingayo ikalowa kuphazi imathyokera momwemo. Kumalo kopanda anthu kulibenso mthunzi wa ambulera kapena wogulitsa madzi akumwa, ndiye zimenezi munyamule nokha.

Bambo Wamasitima:
Achemwali a Namwino anena mawu akulu. Ine ndiwonjezere kuti gombe lokongola likakhala lopanda munthu pachilumba chodzaza alendo, dzifunseni chifukwa chake musanalowe m'madzi, paja safunsa anadya phula. Ku Mauritius pafupifupi chilumba chonse n'chotchingidwa ndi mpanda wa korali umene umaswa mafunde kutali, koma kum'mwera, pa Gris Gris pafupi ndi Souillac, mpandawo palibe, ndipo mafunde a nyanja yaikulu amafika ndi mphamvu zawo zonse. Malowo ndi okongola, anthu ndi ochepa, koma zikwangwani zimaletsa kusambira. Ku Mai Khao kumene a Wojambula atchula nakonso, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, nyengo ya mphepo yochokera kum'mwera chakumadzulo, amaimika mbendera zofiira, ndipo pamene mwatalikira anthu mwatalikiranso opulumutsa. Choopsa kwambiri ndi madzi obwerera kunyanja kudzera pampata wopapatiza, amene amaoneka odekha ndi akuda pakati pa mafunde oyera, moti wosadziwa amasankha pomwepo poganiza kuti ndi pabwino. Akakukokani musalimbane nawo polunjika kumtunda, chifukwa mutopa. Sambirani cham'mbali, motsata gombe, mpaka mutatulukamo. Ku Unguja mipata yotere ili pamene mpanda wa korali wadukiza, ndipo kwa bambo osadziwa kusambira, malire akhale madzi a m'chiuno, mkati mwa dambo.

Mayi wa Awiri:
Ndikuphunzira zambiri, ndipo amuna anga ndawawerengera zonse. Pali chinthu chimodzi chimene ndaona chikutsatsidwa kwambiri: ulendo wa paboti wopita ku mchenga wa pakati pa nyanja wotchedwa Nakupenda, pafupi ndi Stone Town, mzinda wakale wa pachilumbachi. Amati ndi malo opanda nyumba kapena mtengo, ndiye ndimaganiza kuti mwina kumeneko ndiye kwa phee kwenikweni.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, ife tinakopeka ndi mawu omwewo. Malowo ndi okongoladi, madzi ake ndi oyera moti mumaona zala za kuphazi, koma vuto ndi lakuti mchengawo umatuluka madzi akaphwera n'kumiranso akadzaza, choncho maboti onse amafika nthawi imodzi n'kuchokanso nthawi imodzi. Tinapeza matenti atakhomedwa kale mzere wonse, utsi wa zowotcha uli ponseponse, ndipo mwana wanga anayesa kujambula chithunzi chopanda mutu wa munthu wina mpaka anagonja. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti malo amene akutsatsidwa pa bolodi lililonse kuti ndi obisika, ndiye kuti aliyense akupita komweko. Ngati mukufuna chilumba chaching'ono chodekha ndipo thumba likulola, funsani za Chumbe, kum'mwera kwa Stone Town, kumene ndi malo otetezedwa ndipo amalandira alendo owerengeka patsiku, koma muyenera kulembetsa nthawi ikadalipo. Amene ali ndi masiku ambiri amawolokera ku chilumba cha Pemba, kumene alendo ndi ochepa kwambiri, koma pa sabata imodzi mungathere nthawi m'njira.

Namwino:
Ndinaiwala chinthu chimodzi. Pamalo opanda anthu musasiye chikwama pamchenga nonse awiri n'kulowa m'madzi, ndipo musachedwe mpaka mdima, chifukwa kufupi ndi ikweta dzuwa likangolowa mdima umagwa msanga. Mapasipoti ndi ndalama zambiri zitsale kumene mukugona, ndipo muwauze a pamalopo mbali imene mwalowera.

Agogo Oyendayenda:
Ndabweranso, ngakhale ndinati ndaleka. Mayi, kamalo kanga kaja ndakutumizirani kumbali, koma kunena chilungamo, njira ya aphunzitsi ndi yabwino kuposa yanga, chifukwa ine ndinapitako kalekale ndipo mwina pano panamangidwa. Chimene ndingakutsimikizireni n'chakuti Ogasiti ndi mwezi wa tchuthi ku Ulaya, ndiye mukupita pamene alendo achuluka. Akanakhala ine ndikanasankha kumayambiriro kwa Juni, mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi itangotha, koma tsiku la ukwati silisunthika. Musadabwenso mukapeza ndere zambiri zitakankhidwira pamchenga ndi mphepo ya kusi. Mahotela akuluakulu amasesa kutsogolo kwawo m'mawa uliwonse, ndiye pamene ndere zili mbwee osasesedwa, dziwani kuti mwatuluka m'dera la mahotela.

Mayi wa Awiri:
Agogo, uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndikulonjeza kuti dzinalo silituluka pakamwa panga. Tagwirizana kuti tikagona masiku awiri ku Stone Town, kenako masiku asanu ku Bwejuu, m'kanyumba ka alendo kakang'ono m'malo mwa hotela yaikulu, ndipo tizikadzuka m'mamawa n'kuyenda pamchenga kulowera kumene kulibe madenga. Ku Nungwi tikapitako tsiku limodzi kuti amuna anga akaone amisiri a ngalawa. Bambo Wamasitima, funso langa lomaliza ndi la nthawi ya madzi: kodi ndingaidziwe bwanji tsiku ndi tsiku, poti kuwerengera mwezi sindingakwanitse?

Bambo Wamasitima:
Musavutike ndi kuwerengera, mayi. Pa intaneti pali ndandanda zosonyeza nthawi imene madzi adzadzaze ndi kuphwera tsiku lililonse, ndiye sankhani ya doko la Zanzibar, muonetsetse kuti nthawi yake ndi ya ku Tanzania, ndipo muijambule pafoni musananyamuke, chifukwa kugombe netiweki imavuta. Malo ambiri ogona a kum'mawa amalembanso nthawizi pabolodi pafupi ndi polandirira alendo. Ngati mukufuna kuyenda m'dambo, nyamukani ola limodzi kapena awiri madzi asanafike pophwera penipeni, ndipo mutembenuke akangoyamba kubwerera. Mukaona amayi a ndere akusenza mitolo yawo kulowera kumtunda, inunso atsatireni osazengereza.

Chenjezo limodzi mukamafunsa asodzi: pa Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka, choncho 7 koloko m'mawa iwo amati ola loyamba, saa moja. Msodzi akakuuzani kuti madzi abwera saa nane, limene ndi ola lachisanu ndi chitatu, sakunena 8 koloko, akunena 2 koloko masana. Muziwonjezera kapena kuchotsa maola asanu ndi limodzi, ndipo ngati mwasokonezeka, mupempheni akulozereni pa wotchi yanu.